Wobiriwira Uti?

Ku Kapata, kuseri kwa msika, kuli nyumba ina imene thiraki yake inadya bwalo lonse. Mwini wake, a Bonifasi Zulu, anaiyendetsa mpaka kumera imvi: Mwami, Lilongwe, Beira, n'kubwerera. Kenako sitiroko inawagwetsa. Dzanja lamanja linafa, lilime linalemera, ndipo kuyambira pamenepo ankangokhala pampando kuchipinda, maso kukhoma.

Akazi awo, a Dolika, ankawasambitsa, kuwadyetsa, kuwauza za mvula ndi za kutchalitchi, koma osayankhidwa. Komatu awa anali bambo olongolola! Akangofika kuchokera kuulendo nyumba inkadzaza: msewu woipa, mchere wachepa m'ndiwo, ndani wasuntha sipanala yanga. Masiku amenewo a Dolika ankapempha Mulungu kuti bambowa akhaleko chete. Tsopano ankalakalaka ngakhale kukalipiridwa kamodzi kokha.

Nyengo ya mtedza itakwana, mkamwini wawo Israel anapeza katundu woti akanyamule ku Chipangali. Anailiza thiraki ija, koma asanapite patali singano ya kutentha inakwera. Anathira madzi a pampopi m'lediyeta n'kubwerera nayo pang'onopang'ono.

"Apongozi," anatero ataima chapatali, maso pansi, "pafunika kulanti. Koma sindidziwa amene abambo ankathira. Za m'katimo zasanduka dzimbiri, mtundu sukuoneka."

A Dolika analowa n'kugwada pafupi ndi mpando. "Bambo a Chipo, madzi a mankhwala oziziritsa injini aja, munkagula otani?"

Milomo inanjenjemera kwa nthawi. Kenako liwu linatuluka, lolemera ngati la munthu wodzuka kumene. "Wo-biri-wira."

 A Dolika anafunsa msanga china, chilichonse, ngati akufuna tiyi, ngati msana ukuwawa. Koma maso anali atabwerera kale kukhoma.

Anayenda nalo liwu limenelo mpaka m'tauni, akulibwereza chamumtima ngati lingatayike panjira. Pasitolo ya masipeya anapeza Edita, mtsikana wogulitsa, wapakamwa posakhalitsa chete. Anamuuza kuti akufuna kulanti wobiriwira.

"Wobiriwira uti, amayi? Gilini kapena buluu?"

"Iwe mwana, wobiriwira ndi wobiriwira."

Edita anatsitsa zigubu ziwiri. China madzi ake anali ngati masamba a chimanga, china ngati kumwamba kopanda mtambo. A Dolika anaziyang'ana, kukamwa yasa. Kumudzi kumene iwo ndi amuna awo anakulira, zonsezo zinali zobiriwira basi.

"Ndiye tithira theka uyu, theka uyo."

"Mayo! Mufuna kuphika phala m'injini? Awa ndi akazi a mitala, amayi, sakhala nyumba imodzi." Edita anaseka yekha. "Wagilini uyu ndi wachikale, amafuna muzimuwonjezera kabotolo aka nthawi ndi nthawi. Mukapanda kutero, injini ya dizilo imabooka timabowo m'kati ngati chimanga cha anankafumbwe. Wabuluuyu mankhwala ake ali momwemo kale. Ndiponso mtundu umanama, makampani amathira utoto umene afuna. Kafunseni mwini thiraki."

"Mwini wake salankhula."

Edita kuseka kunamuthera. Anaika kabotolo kaja pamwamba pa zigubu. "Tengani zonse, akaloze ndi chala. Chotsalacho mudzabweza."

Kunyumba a Dolika anaika zigubu zija pamapazi pa amuna awo. "Ndi chiti, bambo?" Anadikira. Ntchentche inatera pa dzanja lakufa lija, inayendapo, inauluka. A Bonifasi sanatsitse n'komwe maso.

Apa a Dolika anaimirira n'kuitana Israel ndi bambo wa nyumba yoyandikana. "Anyamuleni ndi mpando womwe."

"Kupita nawo kuti, apongozi? Dzuwali?"

"Kuthiraki."

Anawakhazika mumthunzi wa thiraki, pafupi ndi tayala lakutsogolo, pamene fungo la dizilo ndi girisi wakale limamveka. Mphuno za a Bonifasi zinatukuka pang'ono. Maso anachoka pansi, anakwera ndi mapaipi mpaka pa chivindikiro cha lediyeta.

"Tsegulani chabuluucho muthire," anatero a Dolika.

Israel anawayang'ana mwamantha, koma apongozi satsutsidwa. Anakwera, anatsegula, anapendeketsa chigubu.

"Israel!" Linali liwu la a Bonifasi.

Bambo woyandikana nawo uja anadzidzimuka mpaka kuponda m'beseni.

"Pa dzimbiri?" Mawu ankatuluka mokakamira, limodzilimodzi, malovu akutsikira kuchibwano. "Tsu-kani kaye. Madzi... oyera. Gilini. Ndi ka-botolo." Dzanja lamanzere linkamenya mpando. "Muni-phera... injini!"

Israel anatsika msangamsanga, akupepesa, n'kuthamangira ndowa. A Dolika anapukuta chibwano cha amuna awo ndi nsonga ya chitenje. Anayembekeza kuti awayang'ane. Koma maso a bambowo anali pa thiraki, owala, aukali, ngati a munthu wopeza mbuzi m'dimba mwake. Mawu onse aja anapita kwa mkamwini ndi kwa chitsulo, iwo sanalandireko.

Ndipo moto uja unayamba kuzilala. Dzanja linasiya kumenya, mutu unayamba kuwerama.

A Dolika anatola chigubu chabuluu chija, anachinyamula mpaka pamaso pawo penipeni. "Ndiye mwati ichi eti, bambo a Chipo? Ndikathire ndekha?"

Mutu unadzuka. Maso anachoka pa chigubu, anakwera ndi mkono, anafika pankhope pawo.

"Mayi a Chipo... makutu anuwo... ngoveka ndolo basi?"

"Sindinamve bwino," anatero a Dolika, atachikumbatira chigubucho pachifuwa, misozi ikutsika. "Nenaninso."