Tsiku Limene Sipika Anaphunzira Kunong'ona

Lachinayi limenelo Sipika anafika pa saluni yake mochedwa, akuthamanga, pepala lili m'manja, lamba wa nsapato imodzi akukwekwereza pansi. Dzina lakuti Sipika anamupatsa ndi makasitomala ake, chifukwa akayamba kucheza uku akuluka tsitsi, ngakhale wokonza mafoni wa tsidya lina la msewu ankaimva nkhani yonse mpaka kumaseka nawo.

Pa benchi ya pakhomo anapeza anthu awiri akumudikira. Wina anali namwino wa kuchipatala cha ana, amene ankalukitsa pamenepo mwezi ndi mwezi. Enawo anali mayi achikulire ovala magalasi, omasulira mawu kukhoti, amene aliyense ankangowatchula kuti Amayi a Kukhoti.

"Andiitana!" anakuwa Sipika, uku akutsegula loko. "A wailesi andiitana! Mawa teni koloko!"

Masabata awiri m'mbuyomo anali atamva chilengezo chakuti kukufunika anthu a mawu abwino oti achite sewero latsopano la m'Chingerezi. Anadzitsekera m'bafa, n'kujambula mawu ake pa foni, n'kutumiza osauza munthu. Tsopano anali atapita kukatenga pepala la mayeso.

Anakhazika namwino pampando, n'kuyala pepala lija pakati pa zipeso ndi mabotolo a mafuta. Pamwamba panali chiganizo chimodzi chokha: "You are late again," kutanthauza kuti wachedwanso. M'munsi mwake munali mawu asanu ndi awiri: whisper, murmur, mutter, mumble, snap, yell, stammer.

"Akuti ndikanene chiganizo chomwechi m'njira zonsezi," anatero. "Chingerezi cholankhula ndimachitha, musandione choncho. Koma awa anayi oyambawa ndafufuza pa foni, onse akungoti kulankhula motsitsa. Nanga bwanji osangolemba limodzi? Akufuna kundigwetsa dala anthu amenewa!"

Amayi a Kukhoti anapukuta magalasi awo, n'kukokera pepala pafupi. Nkhope yawo inawala ngati munthu amene wapatsidwa ntchito yomwe wakhala akuilakalaka.

"Mwanawe, wafika pa eni ake. Yamba kuluka, ine ndikuphunzitse. Whisper ndi kunong'ona. Mulibe liwu mmenemo, ndi mpweya wokhawokha, ndipo mawuwo amakhala a khutu limodzi basi. Tayesa."

Sipika anawerama pa khutu la namwino, n'kunong'ona mmene ankadziwira.

"Mayo ine!" Namwino anagwira khutu lake akuseka. "Asisi, kunong'ona kwanuko kwamveka mpaka kumsewu. Taikani zala pakhosi apa. Pakamanjenjemera, ndiye kuti simukunong'ona."

Sipika anaika zala ziwiri pakhosi, n'kuyesa. Pananjenjemera. Anayesanso, pananjenjemerabe. Ulendo wachisanu pakhosi panangoti zii, koma mawu anatuluka, opyapyala ngati ulusi.

"Ndatha! Mwamva? Ndanong'ona ine!" anakuwa, mpaka chipeso chinagwa pansi.

"Murmur ndisiyireni ine," anatero namwino. "Ndi mmene timalankhulira ndi mwana woopa jakisoni. Liwu limakhalapo, pakhosi pamanjenjemera ndithu, koma mofewa, mopanda minga. Ukamalankhula choncho mwana amasiya kulira asanamve n'komwe zimene ukunena."

"Nanga mutter?"

"Kung'ung'udza," anayankha Amayi a Kukhoti. "Zija umachita kasitomala akakuuza kuti umasule mizere itatu uyambirenso. Umatembenukira kukhoma ngati ukufuna lezala, n'kumalankhula wekha, koma ukufuna ndithu adziwe kuti wakukwiyitsa."

"Ine? Sindipanga zimenezo ine!"

"Unandipanga mwezi watha."

Namwino anaseka mpaka mutu unagwedezeka, mzere umene Sipika ankaluka n'kukhota. Amayi a Kukhoti anadikira kuti phokoso lithe, kenako anafotokoza zimene zinawachitikira atangoyamba ntchito. Mboni ina inanena m'Chingerezi kuti woimbidwa mlandu anachita mutter potuluka m'sitolo. Iwo pomasulira anati ananong'ona. Nthawi yomweyo woimbidwa mlandu anadzambatuka, n'kufunsa kuti, ndinanong'oneza ndani, poti ndinali ndekha?

"Mwaonatu," anatero. "Wonong'ona amakhala ndi mnzake. Liwu limodzi lokha, ndinatsala pang'ono kumupangira munthu mnzake wakuba amene kunalibe. Woweruza anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, ine thukuta kamukamu. Kuyambira tsiku limenelo mawu amenewa sindisewera nawo."

Pa mumble panabuka mkangano. Namwino anati n'chimodzimodzi ndi mutter, aphunzitsi ake anamuuza choncho. Amayi a Kukhoti anamenya benchi ndi chikhatho.

"Ayi ndithu! Wong'ung'udza ali ndi mkwiyo. Uyu wa mumble alibe mkwiyo, ndi pakamwa chabe posatseguka. Mwina ndi manyazi, mwina ulesi, mwina akubisa kanthu. Mawu amangowameza asanatuluke."

Sipika anaima, tsitsi lili m'manja, maso ali tong'o.

"Bambo a kwathu! Ndi iwowo ndendende! Ndikawafunsa kuti shati yatsopano ija mwaiwotcha bwanji ndi simbi, amangoti mmmh-nnh-mmmh, maso ali pa nsapato. Zaka khumi ndi zisanu ndikukhala nawo, osadziwa kuti matenda awo ali ndi dzina m'Chingerezi!"

Anawatsanzira amuna akewo, mapewa atagwa, chibwano chili pachifuwa, ndipo Amayi a Kukhoti anachita kuvula magalasi kuti apukute misozi.

Snap sanavutike nayo. Atamuuza kuti ndi kuyankha mokalipa koma mwachidule, anatola sizasi n'kuitseka kamodzi m'mwamba, khwapu! Onse anavomera kuti ndi momwemo. Pa yell palibe anataya nthawi, namwino anangoti, "Pamenepo mukawaphunzitse ndinu." Koma atafika pa stammer, Sipika n'kuyamba kuchita chibwibwi mokokomeza, namwino anasiya kuseka.

"Musatero asisi. Ndili ndi ana achibwibwi amene amabwera kwathu kuchipatala. Mwanayo amadziwa bwinobwino chimene akufuna kunena, liwu ndi limene limakakamira pakhomo. Musachite ngati mukumunyoza. Chitani ngati mukulimbana nalo liwulo kuti lituluke."

Sipika anachita manyazi pang'ono. Anayesanso mwaulemu, akukakamira pa liwu loyamba, ndipo namwino anagwedeza mutu kuvomera.

Tsiku lonselo aliyense wolowa mu saluni ankalandiridwa ndi "You are late again." Wina anauzidwa monong'ona, wina mong'ung'udza, ndipo mtsikana wina wobwera koyamba anakuwiridwa mpaka anabwerera pakhomo, Sipika n'kuchita kumuthamangira kukamupepesa.

M'mawa mwake anafika ku wailesi naini koloko isanakwane. Anamulowetsa m'kachipinda kopanda zenera, makoma ake omatidwa masiponji otuwa. Pakati panali maikolofoni yolendewera, pamwamba pa chitseko kababu kofiira. Kuseri kwa galasi lalikulu kunakhala mkulu wa sewero, mayi wamfupi wometa mpala. Sipika atauona mutuwo anaganiza kuti, uyu sadzakhala kasitomala wanga, ndipo anatsala pang'ono kuseka. Kenako kababu kanayaka.

"Whisper," anatero mkuluyo kudzera m'zomvera za kumakutu.

Sipika anaika zala pakhosi, n'kutulutsa mpweya wokha. Mkulu uja anakweza nsidze, n'kulemba kanthu.

"Murmur." Anaganiza za mwana woopa jakisoni. "Mutter." Anatembenukira kukhoma ngati akufuna lezala. "Mumble." Anagwetsa mapewa, n'kusanduka mwamuna wake. Kuseri kwa galasi, bambo woyendetsa makina anabisa nkhope m'manja, msana ukugwedezeka. Pa yell bambo yemweyo anachita kuvula zomvera zake msangamsanga n'kupotokola kabatani.

Mawu onse asanu ndi awiri anatha. Sipika anapumira m'mwamba, n'kuyamba kuvula zomvera.

"Dikirani kaye mayi," anatero mkulu wa sewero. "Limodzi lomaliza. Blurt."

Sipika anayang'ana papepala. Liwulo panalibe. Anatembenuza pepala, kuseri kunali koyera. M'mutu mwake munangoti balala. Anafuna kunamizira, kungosankha njira iliyonse, koma pakamwa panatseguka pokha asanaganize.

"Aaa, limenelo simunalembe inu! Mukundibera!"

Atangotero anadzigwira pakamwa ndi manja onse awiri. Anali atakalipira bwana, tsiku loyamba, kababu kofiira kali chiyakire. M'maganizo anaona saluni yake, zipeso zake, ndi anthu onse amene anawauza kuti amvetsere wailesi.

Mkulu uja anaponya cholembera patebulo, n'kuseka mpaka kutsamira kumbuyo.

"Ndiye blurt ameneyo! Mawu kungophulika pakamwa, mwini wake asanawaloleze. Anthu khumi ndi awiri ndawafunsa liwu limeneli sabata ino. Onse amanamizira kuti akulidziwa, wina mpaka anaimba nyimbo. Tsopano ndipatseni chiganizo chija momwemo."

"You are late again!" Chinatuluka chokha, chothamanga, ndipo Sipika anadzigwiranso pakamwa, ulendo uno mwadala.

Mkuluyo anatuluka kuseri kwa galasi, n'kulowa m'kachipindamo atanyamula mulu wa mapepala omangidwa ndi kachingwe. Anati m'seweromo muli mayi wa golosale amene amadziwa nkhani za aliyense mumsewu wake, koma chinsinsi sichigona m'kamwa mwake. Anali atasowa munthu woti achite mbali imeneyo kwa mwezi wathunthu.

"Timajambula Lolemba ndi Lachitatu m'mawa. Mudzatha?"

"Ndidzatha! Ngakhale Lamlungu ndidzabwera! Saluni atsegula ndi mng'ono wanga, manja ali nawo, ulesi chabe."

Anatsika masitepe awiriawiri, mapepala atawakumbatira pachifuwa ngati khanda. Panja minibasi inaima, kondakitala n'kumuitana, koma iye anakana ndi mutu. Miyendo sikanalola kukhala pansi. Anauyamba wapansi, akuwerenga uku akuyenda, akuzemba njinga ndi ogulitsa m'mbali mwa msewu. Pa tsamba lachitatu anapeza mbali yake, mizere isanu ndi inayi yathunthu, ndipo pambali pa mzere woyamba panalembedwa drawl. Pa wachinayi panali rant. Onse awiri anali asanawamvepo chibadwire.

Anaima pansi pa khonde la sitolo ya nsalu, n'kupisa m'chikwama kufuna cholembera. Anapeza pensulo ya nsidze yokha. Anaitsegula ndi mano, n'kudula mzere wakuda kunsi kwa mawu awiriwo, kenako anatsegula tsamba lachinayi kuti aone ngati mayi wa golosale akulankhulanso.