Batani Lachinayi

Rimoti ija inabwera m'nyumba Lachisanu masana, m'thumba la ovolosi ya mwamuna wa Telala, yopanda bokosi. Patebulo la pabalaza panali kale marimoti atatu: ya TV, ya dikoda, ndi ya masipika asanu amene mwamunayo, pokhala wamagetsi, anawapachika yekha m'makona chaka chatha. Telala ankadana nawo onse. Akafuna kuchepetsa phokoso ankapezeka wasintha tchanelo.

"Mayi, zonsezo ikani kutali," anatero mwamunayo. "Iyi imodzi ilamula nyumba yonse."

Anakhala pasofa, kapepala ka malangizo pabondo. Anakanikiza batani lapakona mpaka kagetsi kofiira kanayaka, analemba manambala anayi, naloza TV. TV inazima. Anachita chimodzimodzi ndi dikoda, kenako masipika. Mphindi khumi sizinakwane.

"Tandionetsani nane," anatero Telala.

"Inu zanu ndi singano. Ndipo batani lapakonali musamaligwire, mungafufute zonse."

"Nanga lachinayili ndi la chiyani?"

"Ndi la DVD. Ife DVD tilibe. Mulibe kanthu mmenemo."

M'mawa mwake mwamunayo anachoka ndi chikwama cha zida, monga ankachitira Loweruka lililonse. Telala akupukuta fumbi anainyamula rimotiyo pafupi ndi windo. Maso amene amaona ulusi umodzi wolakwika pa diresi la mkwatibwi sangaphonye zinthu ngati izi. Batani lochepetsera phokoso linali lofufutika. M'mphepete mwa mabatani munali litsiro. Anatenga phini, nalitokosa, ndipo panatuluka kachidutswa kofiirira ka utoto wopaka m'zikhadabo. Iye sapaka zikhadabo. Utoto umatha ndi nsalu.

Anatola kapepala ka malangizo pansi pa sofa, nawerenga pang'onopang'ono, chala chili pamzere. Kankati batani lopanda nambala limaphethiritsa kagetsi katatu, lokhala ndi nambala kamodzi. Anakanikiza la TV. Kamodzi. La dikoda. Kamodzi. Anakanikiza lachinayi. Kamodzi.

Ndiye kuti rimotiyi inali ndi kwawo. Penapake panali DVD imene inkaimvera, ndi chala chopaka utoto chimene chinaizolowera.

Anayamba ndi mayi wa khomo loyang'anana ndi lawo, uja amaseka nthabwala za mwamuna wa Telala zisanathe n'komwe. Anapita ngati wodzabwereka ayironi, rimoti ili m'thumba la epuloni. DVD ya mayiyo inali ikuimba. Telala anakanikiza mobisa, kawiri, katatu. Nyimbo inapitirira. Anabwerera ndi ayironi imene sankaifuna, ali ndi manyazi, koma pang'ono chabe.

Panatsala nyumba imodzi, imene ankaidziwa kuyambira pachiyambi. Mwamuna wake anali ndi mkazi woyamba, Nesi, amene anasiyana naye zaka zinayi zapitazo atabereka mwana mmodzi wamkazi. Yunifomu ya mwanayo inali pahang'ala, yosoka kale. Nthawi zonse amene ankakasiya zovala za mwanayo anali bambo ake. Lolemba Telala anaipinda, naiika m'chikwama pamodzi ndi rimoti, nakwera basi.

Nesi anatsegula chitseko atavala zamasewera, thukuta lili pamphumi.

"Ii, amayi aang'ono! Lero kugwa mvula. Lowani. Mwana ali kusukulu."

Telala analowa, ndipo maso ake anapita m'makona. Masipika asanu, ofanana ndendende ndi a kwawo. Koma kuno mawaya sankaoneka. Anadutsa m'timapaipi toyera, towongoka ngati mzere wa rula. Kwawo mawaya ankalendewera pamisomali, ndipo kumbuyo kwa kabati anamatidwa ndi tepi. Pa TV panali mzimayi wina akudumpha, kuphunzitsa masewera olimbitsa thupi, ndipo pansi pake kagetsi ka DVD kanali kuyaka.

"Ndikutengereni madzi," anatero Nesi.

Nesi atangolowa kukhitchini, Telala anasolola rimoti. Batani lachinayi, kenako loimitsa. Mzimayi wa pa TV anauma m'malere, mwendo umodzi m'mwamba.

Analibe nthawi yoibisa. Nesi anaima pakhomo ndi tambula, nayang'ana TV, nayang'ana dzanja la Telala, naseka.

"Aa, kani yafika kwanu? Ine ndimati anakataya."

"Ndi yanu?"

"Inali. Batani lochepetsera limavuta, muzikanikiza kwambiri. Ndinamudandaulira, ndiye anatibweretsera iyi." Anatola ina pasofa, yayitali, yonyezimira. Ataigwedeza mabatani onse anayaka buluu. "Yoona ndi mumdima momwe."

Zikhadabo zake zinali zofiirira.

"Anakuikirani yekha manambala?" anafunsa Telala.

"Anakana! Akuti ndiphunzire ndekha, mawa angafe. Anakhala pomwe mwakhalapo, Loweruka awiri otsatizana, iye kuwerenga ine kukanikiza. Mutu wangawu pa zinthu izi ndi mwala, koma munthu uja ndi woleza mtima, zimenezo ndimuyamikire."

Woleza mtima. Telala anamwa madzi aja onse kuti asayankhe.

"Musandiyang'ane choncho, amayi aang'ono. Sindikumufuna. Maovolosi aja ndinachapa zaka zisanu ndi ziwiri, manja anga anapuma. Amabwerera mwana wake."

"Mwana ndiye amaonera zodumphazi?"

Nesi anangomwetulira, nalandira yunifomu, nayamikira kolala.

M'basi Telala anafuna kuiponya pawindo rimotiyo. Akanamupeza ndi chibwenzi akanadziwa chochita, sutikesi ili pamwamba pa wadirobu. Koma ichi angakachinene bwanji kwa anthu? Kuti mwamuna wanga amabisa mawaya kwina? Kuti kwina amaphunzitsa, kuno amaletsa?

Atafika anatsegula kapepala kumapeto, pamene panalembedwa za kufufuta. Anakanikiza batani lapakona, nawerenga mpaka khumi, nalemba naini katatu. Kagetsi kanaphethira kawiri, n'kuzima. Marimoti atatu akale anawatsekera m'dirowa ya makina osokera, kiyi m'thumba la epuloni.

Mwamunayo anafika nthawi ya nkhani itatsala pang'ono. Anavula nsapato, nadziponya pasofa, naloza TV. Palibe chinachitika. Anaimenya rimoti pachikhatho, natsegula kumbuyo, nazunguza mabatire.

"Mayi, mwagwira batani lija?"

"Ndagwira."

"Si ndinakuuzani ine?"

"Munandiuza. Ndafufuta onse anayi."

"Atatu."

"Anayi, bambo. Lachinayi limagwira bwino ntchito. Ndakaliyesa. Mzimayi anauma mwendo uli m'mwamba."

Mwamunayo anaiyang'ana rimoti nthawi yaitali, ngati ndiyo yamuulula.

"Inali yabwinobwino," anatero potsiriza. "Ndikanataya chinthu chabwinobwino?"

"Sindinafunse zimenezo."

"Ndiye bweretsani zakale zija, nkhani zayamba."

"Zatsekeredwa." Telala anamulanda rimoti, namuika kapepala pabondo, nakhala pambali pake. "Inu muwerenga, ine ndikanikiza. Mungafe mawa. Ndipo Loweruka likubwerali mugule timapaipi toyera. Ngati mwana akufuna bambo ake, abwere kuno, adzakugwirireni makwerero."

"Mayi, izi n'za mphindi zisanu. Ingondipatsani."

"Kwina zinatenga Loweruka awiri."

Mwamunayo anapuma mozama, natambasula kapepala. "Kanikizani lapakona mpaka kayake. Eya. Tsopano la TV. Ziro, sikisi, ziro, thuu."

Telala anamva bwinobwino. Analemba eyiti, sikisi, ziro, thuu, naloza TV. Inangokhala yakuda.

"Mwalakwitsa. Yambiraninso."

Anayambiranso, nalakwitsa dala nambala yomweyo. Kachitatu anaona mtsempha wa pakhosi pa mwamuna wake ukutukuka, ndi dzanja likunyamuka pabondo kubwera kudzalanda. Telala anangoliyang'ana dzanjalo. Linaima pakati, kenako linabwerera pa kapepala.

"Ziro," anatero mwamunayo, mawu ali pansi. "Yoyambayo ndi ziro, mayi. Yapansi penipeni. Musafulumire."