Afisi Osunga Sabata

Lachisanu madzulo, Salome akuchokera kothyola tiyi dengu lili kumsana, anapeza afisi awiri akugwetsana pafupi ndi khola lake, ubweya uli mbwee! Salome anazindikira mmodzi msanga. Anali amuna ake, a Ephraim, amene akapsa mtima amasanduka fisi. Winayo, wonenepa, anabwera kudzaba mbuzi.

Salome sanathawe. Analoza dzuwa limene linkamira kuseri kwa phiri.

"Inu! Sabata lalowa!"

A Ephraim anasiya ndewu pomwepo. Chodabwitsa, fisi wakubayo nayenso anakhala pansi nawerama mwaulemu, khutu likuchucha magazi.

M'mawa mwake kutchalitchi, Salome anangoluma mpango kubisa chiseko. Otsogolera kwaya, a Reinford, anali atamanga khutu ndi bandeji, akuyimbitsa mwamphamvu kuposa masiku onse.