Mayi wa mu Mzere Wachiwiri

Tepiyo inapezeka m'kabati ya tchalitchi ku Nchenachena, pansi pa mabuku a nyimbo odyedwa ndi chiswe. Mkulu wa mpingo amene anaipeza anakumbuka kuti Hellen Msiska amajambula mavidiyo a maukwati ku boma, ndipo anamutumizira ndi uthenga wakuti ndi msonkhano wakalekale wa amayi a Umanyano, ndipo mayi ake a Hellen, NyaKalua, analipo.

Hellen sankaidziwa nkhope ya mayi ake. Anamwalira iye akukwawa, zithunzi zawo n'kupsera limodzi ndi nyumba ya aphunzitsi chaka chotsatira. Atasamutsira tepiyo pa kompyuta anapeza chifunga chokhachokha: mizere ya amayi, malaya oyera, maduku oyera, nkhope zosaoneka maso kapena pakamwa. Koma mu mzere wachiwiri munali mayi wa chipumi chotakata, wopendeketsa mutu poimba. Hellen anadzigwira pachipumi. Sanafunsenso munthu.

Pulogalamu yoyeretsa zithunzi zotere anali nayo, koma akangoiyatsa, kompyuta yake inkalira ngati chigayo kenako n'kuzima. Pankafunika khadi la zithunzi lamphamvu, lija anyamata amagulira magemu. M'sitolo ina ku Mzuzu linatsalamo limodzi.

"Usagule," anatero Wongani, mchimwene wake wa ku Joni, pa foni. "Atsopano akutuluka posachedwapa. Limenelo likalamba lisanatuluke m'bokosi. Dikira, ndibwera nalo labwino pa Khirisimasi."

"Khirisimasi yake iti, achimwene? Ija ya chaka chatha tikuidikirabe."

"Wayambatu."

"Adokotala akuti maso a adada safika nthawi ya mvula."

"Madokotala amakonda kuopseza anthu."

"Lamulungu adada anapatsa moni mtengo wa papaya. Chipewa anavula."

Wongani anaseka, kenako kusekako kunathera panjira.

Bambo awo, a Hezron Msiska, anali atamva za tepiyo, ndipo Hellen akangoimba foni ankafunsa mwaulemu wa mphunzitsi wamkulu wopuma ngati makina aja ayamba kumvera. Hellen anawerenga zimene anyamata a pa intaneti ankatsutsana, ena gula lero, ena dikira usadzalire. Anaona kuti onsewo anali ndi nthawi yambiri. Anagulitsa kamera yake yachiwiri, n'kukwera minibasi ya ku Mzuzu. Pobwerera bokosilo analifungatira pamiyendo, kondakitala n'kumufunsa ngati muli mazira.

Ntchitoyo inatenga masiku, magetsi akuzimazima. Pang'onopang'ono chifunga chinayamba kuchoka. Kunatuluka maso aakulu, mpata pakati pa mano, kachipsera pansi pa diso. Hellen anakhala akuyang'ana nkhopeyo mpaka tiyi anazizira. Anayesa kupendeketsa mutu wake chimodzimodzi, nachita manyazi ngakhale anali yekha.

Anapita ku Nchenachena pa njinga yamoto, laputopu ili kumsana. Anapeza bambo ake atavala tayi. Anatseka makatani a pabalaza, n'kuika laputopuyo pa mabuku kuti ifike pamaso pawo. A Hezron anayandikira mpaka mphuno inatsala pang'ono kugunda galasi. Nyimbo inayamba.

"Aa! Tenesi!" anafuula mkuluyo, akumenya ntchafu. "Tenesi NyaHarawa uyu! Ankaimba mokweza kuposa onse, ndipo nyimbo ikapita kumanja iye ankapita kumanzere. Yewo chomene, mwana wane. Wamutulutsa ngati wamoyo."

Hellen anaimitsa vidiyoyo.

"Si amama amenewa?"

A Hezron anatembenuka pang'ono. Anazindikira zimene Hellen ankaganiza, ndipo kumwetulira kunawathera.

"Amayi ako sankaima pakati," anatero motsitsa mawu. "Anali aatali. Ankawaika kumapeto kuti asatchinge anzawo."

Chala chawo chinayenda pagalasi, kudutsa nkhope zoyera bwino za anthu ena, mpaka chinafika m'mphepete. Pamenepo panali phewa, mkono wa malaya oyera, ndi dzanja logwira buku la nyimbo, chala chachikulu chikugunda pachikuto motsata nyimbo. Zotsalazo zinali kunja kwa chithunzi. Wojambula wa tsiku limenelo anaimika kamera yake pamalo amodzi n'kuisiya.

Hellen anayendetsa tepi yonse, kuyambira pemphero loyamba mpaka mdalitso. Pa nyimbo ina mwini dzanjayo anawerama, nsonga ya duku inalowa, n'kutulukanso. Basi.

"Khadi lako lija," anafunsa a Hezron, "lingathe kukankha chithunzichi kuti chisunthe pang'ono?"

"Ayi, adada."

"Ngakhale latsopano la Wongani lija?"

"Ngakhale latsopanolo."

A Hezron anagwedeza mutu ngati alandira yankho lolondola m'kalasi. Panja mbuzi inkalira, wina akuithamangitsa m'munda wa khofi.

"Ndiuzeni ndinu," anatero Hellen. "Nkhope yawo inali yotani? Ndinafanana nawo?"

Mkuluyo anamugwira chibwano, namuyandikitsa monga anachitira ndi laputopu. Anamuyang'ana nthawi yaitali ndi maso otuwa aja.

"Iwe unatengera ine, pepa," anatero. Anamusiya, n'kukonza tayi yomwe sinapendeke. "Mawu awo ndimawamva. Kayendedwe ndimakakumbuka. Koma nkhope inayamba kundithawa kale, maso asanayambe n'komwe. Sindinauzepo munthu. Ndimati makina akowa andibwezera."

Hellen anayang'ana pansi. Bambo ake analoza galasi la laputopu.

"Kulitsa pamene pali dzanjapo."

Analikulitsa mpaka linadzaza galasi lonse. Khadilo linagwira ntchito yake bwino: mitsempha inaoneka, mphete yopyapyala, chikhadabo chothyoka. A Hezron anayandikiranso.

"Yambitsanso nyimboyo," anatero. "Ikatha ubwezerenso."