Phazi Losamva

Amuna anga ndi osoka nsapato, ndipo mumsewu wathu onse amawatcha a Chidendene. Amagwirira ntchito pakhonde la nyumba yathu, pa kabenchi kafupi, pakati pa milu ya nsapato za eni ake, zitini za guluu ndi botolo la timisomali. Ntchito amaitha, pamenepo sindingawanamizire. Akakhomera soli, amapisa dzanja m'kati mwa nsapato n'kuyendetsa chala kuchokera kuchidendene mpaka kutsogolo, kufufuza ngati pali msomali umene watulukira. Nsapato sichoka pakhonde pathu isanapisidwe dzanja. Koma pa nkhani ya kumva zonena anthu, ine ndinakwatiwa ndi munthu amene makutu ake ndi okongoletsera mutu basi.

Atawapeza ndi matenda a shuga, anesi a kuchipatala chaching'ono cha kwathu anawauza zinthu zosavuta. Azimwa mankhwala tsiku ndi tsiku, achepetse zotsekemera, asamayende opanda nsapato, ndipo aziyang'ana kunsi kwa mapazi awo asanagone. Mankhwalawo ankamwadi poyamba, chifukwa mapazi ankawaotcha ngati aponda makala. Kenako moto uja unayamba kuzilala, mpaka unatheratu.

"Mayi, ndachira," anandiuza m'mawa wina, akuthira shuga mu tiyi ngati akuthira mchenga m'simenti. "Mapazi angoti zii. Sindikumva kanthu."

Ana anasangalala, alamu anga anayimba foni kuthokoza Mulungu, ndipo botolo la mankhwala linakakhala kuseri kwa wailesi. Ndinalankhula mpaka malovu kuuma, iwo n'kumangoimba kamluzu.

Pa malangizo onse a anesi anasungapo limodzi, la nsapato, poti linkakhudza ntchito yawo. Anafukula nsapato zawo zakale zachikopa, n'kuzikhomera soli yochindikala yodula ku tayala. Ndinali pomwepo, ndikusesa. Atamaliza sanapisemo dzanja. Anangovala, n'kudinda pansi mwamphamvu.

"Simupisa chala lero?" ndinafunsa.

"Za makasitomala timafunsa chala chifukwa phazi lake limakhala kulibe," anatero. "Izi mwini wake ali pompano. Phazi likanadandaula."

Ndinaseka, poti zinamveka zanzeru.

Patapita masiku ndinayamba kuona timadontho pa simenti ya kuchipinda. Tinali tofiirira, touma, ndipo tinkayambira pakhomo pamene amavulira nsapato n'kukathera pa bedi. Ndikakolopa m'mawa, mawa lake ndinkatipezanso, pamzere womwewo.

"Ndi polishi," anatero amuna anga. "Mwakwatiwa ndi wosoka nsapato, mumafuna pansi padonthe mafuta onunkhira?"

Amavala masokosi akuda okhaokha, ndipo chithereni moto uja amagona nawo, ati mapazi amazizidwa. Tsiku lochapa, madzi a m'beseni anasanduka ofiirira. Iwo anati chikopa chikusuluka. Ndinaima ndi beseni lija nthawi yaitali ndisanataye madziwo. Nsapato ndi ziwiri, koma sokosi youma gwa inali imodzi, ya kumanzere.

Kenako kunabwera nyerere. Pakhonde pathu pali nsapato zambirimbiri, za aphunzitsi, za alonda, za ana asukulu, koma nyerere zinkadutsa zonsezo n'kukalowa mu imodzi. Mphaka wa aneba naye anayamba kumabwera kudzakhala pansi pa benchi, maso ali pa phazi lomwelo. Panalinso kafungo. Ine fungo la guluu ndimalidziwa, la chikopa chonyowa ndimalidziwa, ngakhale la mapazi a makasitomala ndinalizolowera. Ili linali lina, lonunkha motsekemera, ngati nyama yoiwalika m'thumba.

Mantha anandigwira, sindibisa.

"Bambo, tavulani sokosi ndione phazilo."

"Muone chiyani, mayi? Kukongola kwake?"

"Ndikunena zoona ine."

"Inenso ndikunena zoona. Chilonda chimapweteka. Ine sindikumva kanthu."

"Kusamva kwanu n'kwakale," ndinatero. "Samva za anzake anamva nkhwangwa ili m'mutu."

"Ndiye dikirani nkhwangwayo," anayankha, misomali ili pakamwa, n'kupitiriza kukhoma nsapato ya munthu.

Mawu aja akuti sindikumva kanthu ndi amene ankatigoneka tulo tonsefe. Alamu anga atabwera kudzacheza ndinawakokera kukhitchini n'kuwafotokozera za madontho, za nyerere ndi za fungo. Anapita pakhonde, nawafunsa achimwene awo ngati penapake pakupweteka. Atabwerako anandigwira paphewa.

"Alamu, musadzidwalitse ndi maganizo. Mwini thupi akuti sakumva kanthu, ife ndife ndani?"

Tsiku limene zinaululika kunali dzuwa loswa mtengo, koma amuna anga anapempha jekete. Ankanjenjemera, mano akugundana, n'kumati ndi kamalungo chabe. Masana ndinawapeza atatsamira khoma, akuwodzera, nyundo ili pamwendo. Nsapato ya kumanzere anali ataivula, ndipo ndinaona chifukwa chake: phazi linali litatupa mpaka sokosi kuchita kunyezimira. Nyerere zinali pa ulendo wawo.

Ndinatola nsapato ija kuti ndiikutumule. Sindikudziwa chimene chinandituma, mwina ndi zaka zonsezi zoonerera, koma ndinapisamo dzanja n'kuyendetsa chala kuchokera kuchidendene kupita kutsogolo. M'kati munali monyowa. Chala chisanafike kumapeto ndinakuwa, n'kutulutsa dzanja magazi akutuluka. Msomali unali chilili pamene pamaponda phazi, wakuthwa, wotalika ngati njere ya mpunga.

Ndinagwada n'kuyamba kuvula sokosi. Inali itamatirira, moti ndinachita kuinyowetsa ndi madzi ofunda. Pamene inkamatuka ndinayang'ana nkhope yawo, kudikira kuti adzidzimuke. Anapitiriza kugona. Kunsi kwa phazi kunali dzenje loti chala changa chikanalowamo, m'mbali mwake mwayera, m'kati mukutuluka mafinya. Chala chachiwiri cha phazilo chinali chakuda ngati khala, ndipo kufiira kunali kutakwera kupitirira kakolo.

Atadzuka anayang'ana phazi, kenako nsapato. Anaitenga, napisamo dzanja okha. Chala chawo chinaima pa msomali uja.

"Msomali uwu ndi wanga," anatero. "Sindinaupinde."

Kuchipatala anesi anali omwe aja. Ndinkayembekezera kuti atikalipira, ndipo ndinkafuna atikalipire, chifukwa wokukalipira amakhala akuona kuti zikonzeka. Iwo anangoyang'ana phazi, nagwira kuseri kwa kakolo nthawi yaitali, natuma mnzawo kuti akaitane adokotala msanga.

"Chala chokhachi, eti anesi?" ndinafunsa. "Phazi litsala?"

"Adokotala aona, mayi," anatero, osandiyang'ana.

Amuna anga anali atayambanso nthabwala, monga amachitira akaopa. Anawauza anesi kuti chidendene cha nsapato ya anesiwo chadyeka mbali imodzi, abweretse awakonzere. Anesi anamwetulira pang'ono, natulutsa kaulusi kolimba ka pulasitiki kokhala ndi chogwirira.

"Bambo, podikira adokotala ndiyese mapazi onse awiri. Vulaninso inayo. Tsinzinani. Mukamva ndakukhudzani, munene kuti eya."

Anatsinzina. Anesi anayambira phazi la kumanja, labwinolo, limene ndinkadalira kuti lidzawayendetsa zikavuta. Anakanikiza kaulusi pa chala chachikulu mpaka kanapindika. Anasunthira pa chala china, kenako china, kenako pakati pa phazi, kenako pachidendene. Ndinkayang'ana milomo ya amuna anga, chala changa cholasidwa chija chikundiwawa m'dzanja. Mwambi uja ndinkawatukwana nawo, koma tsopano ndinaona kuti unali wachifundo, chifukwa munthu wake pamapeto anamva.

Anesi anakwera mpaka pa kakolo, nasiya. Anatembenuka kundiyang'ana, ndipo ulendo uno sanathawitse maso. M'khonde munamveka mapazi a adokotala akubwera mofulumira.

Amuna anga anali chitsinzinire, manja ali pamaondo, akumwetulira.

"Yambanitu, anesi," anatero. "Kunyumba kuli nsapato za anthu zikundidikira."