Sefa ya Bambo a Mkwatibwi

Mwamuna akapuma pa ntchito muzimupatsa chochita msanga, apo ayi amadzipezera yekha. Amuna anga chisiyireni kuyendetsa basi ankangozungulira m'nyumba ngati nkhuku yofuna poikira. Ukwati wa mwana wathu wachisamba utayandikira, aliyense anali ndi gawo lake. Ine, poti ndine telala, ndinkasoka diresi ndi velo. Mng'ono wanga anatenga za keke. Bambowo anangouzidwa kuti asite suti yawo, ndipo zinawapweteka mumtima.

"Ine ndikonza chakumwa," anatero tsiku lina tili patebulo. "Kutentha kumeneku anthu adzafuna choziziritsa kukhosi. Manyuchi a maluwa akutchire ndi mandimu. Pang'ono m'tambula, madzi ozizira pamwamba, basi."

"Munaphunzira kuti zimenezo, alamu?" anafunsa mng'ono wanga.

"Kondakitala wanga wakale ankapanga."

"Ali moyo?"

Bambowo anangopitiriza kudya. Lachinayi m'mawa anatenga ndowa n'kulowera kunjanji, ndipo anabwerako dzuwa likuswa mtengo, buluku lili minga yokhayokha, khutu limodzi litatupa ndi mbola ya njuchi, koma nkhope ikuwala. Maluwawo anali atakawaonetsa kale kwa mayi wogulitsa mbande pamsika, amene anataya theka n'kunena kuti otsalawo sapha munthu. Anawiritsa madzi ndi shuga mumphika wanga waukulu, n'kuthiramo timaluwa tachikasuto, makoko a malalanje ndi mandimu odula mozungulira, kenako n'kuvundikira kuti zigone. Kunena zoona, nyumba yonse inanunkhira mpaka aneba anasuzumira pampanda.

Lachisanu masana inali nthawi yosefa. Sefa yathu ya kukhitchini inkapitiriza tizinyalala ndi tizilombo tomwe tinafera m'maluwamo, choncho bambowo anafuna nsalu. Tsono kwathu nsalu sapempha. Pafupi ndi makina anga pamakhala dengu la zidutswa, ndipo wofuna chopukutira nsapato kapena chomangira chala amangotolamo. Tsiku limenelo diresi inadzaza tebulo lonse, ndiye velo, yomwe ndinali nditaipinda m'mbali koma ndisanaikeko mikanda, ndinaiyala pamwamba pa dengulo kuti isakwinyike. Kenako ndinatuluka ndi mng'ono wanga kukagula ulusi.

Pobwerako tinamva likhweru tili pageti. Mabotolo anali atandandalikidwa pawindo, dzuwa likuwala m'kati mwake. Bambowo, malaya ali pamapewa, ankafinya chinthu pamwamba pa mphika ndi mphamvu zawo zonse.

"Amayi, iyi ndiye sefa!" anafuula. "Palibe ngakhale mwendo wa nyerere wadutsa. Bwanji mumabisa nsalu zabwino?"

Mutu unaima. Nsalu yoteroyo ndinagula yomaliza m'sitolo, ndipo ukwati unali m'mawa mwake. Mng'ono wanga anayang'ana chofinyidwacho, anayang'ana ine, anagwira pakamwa, kenako anaphulika ndi phwete mpaka anatsamira firiji.

"Alamu," anatero akupukuta misozi, "mwasefera velo ya mwana wanu!"

Fisi akagwa m'mbuna sayankhula. Bambowo anatambasula nsaluyo pang'onopang'ono, njere ya mandimu n'kugwa pansi kuti tapu. Ine ndinawalalatira zonse zimene ndinasunga chikwatirane, kuyambira matawulo anga amene anapukutira girisi, koma pakati pa chiganizo ndinaona khutu lotupa lija likunjenjemera, ndipo nanenso chiseko chinanditsamwitsa. Ndinakwiya kwambiri chifukwa chosekacho.

Tinachapa ndi sopo, tinatsukuluza, tinachapanso. Shuga anachoka, mtundu unakana. Pakati penipeni, pomwe pamakhala nkhope ya mkwatibwi, panatsala chibanga chachikasu ngati dzira lokazinga.

"Madzi akatayika saoleka, achemwali," anatero mng'ono wanga. "Poti kuyera kwakanika, yonse ikhale yachikasu."

Tinawiritsa maluwa amene anatsala m'ndowa muja popanda shuga n'kuviikamo velo yonse. Bambowo ankavundula ndi mthiko, thukuta lili kamukamu, osayerekeza kudzutsa mutu. Podikira, mng'ono wanga anasungunula manyuchi aja m'matambula, n'kuponyamo ayisi. Ndinamwa ndi cholinga choti ndipeze chonyoza. Anali okoma mosautsa: kuwawasa pang'ono kutsogolo, kutsekemera pambuyo, ndi kafungo ka tchire mvula ikangogwa kumene. Ndinapempha ena, nkhope ndili tsinya.

Titayanika veloyo pachingwe, inaoneka ya mtundu wa uchi wopepuka, yofanana paliponse. Tisanagwirizane bodza loti tinene, geti linalira. Mkwatibwi anali atabwerako kosaluni, tsitsi lili nganinganii. Anaima pafupi ndi chingwe n'kuyang'anitsitsa nsaluyo.

"Amayi, velo yanga yatani?"

Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene kuti ndi sitayilo ya chaka chino, koma bambo ake ananditsogolera, mthiko udakali m'manja.

"Ndine, mwanawe. Ndinayesa chisanza, ndasefera chakumwa. Aliyense akukukonzera kanthu. Ndimafuna paukwati wako pakhale kanthu kanganso."

Mwanayo anayang'ana khutu la bambo ake, zikhadabo zawo zachikasu, ndi ife awiri amene tinkaluma milomo kuti tisaseke. Anachotsa zopanira, n'kuyandikitsa nsaluyo kumphuno. Mapewa ake anayamba kugwedezeka, ine n'kuti basi, kulira kwayambika. Koma ayi, nayenso chinali chiseko, chachikulu kuposa cha amayi ake aang'ono, cha mtundu womwe umathetsa mpweya.

"Tingathe kubwereka yoyera kwa mnzako wakwatiwa posachedwa uja," ndinatero. "Nthawi ilipo."

"Ya mnzanga ndi ya mnzanga." Anadziphimba veloyo ikadali yonyowa, pamwamba pa tsitsi lomwe anakhalira tsiku lonse kosaluni, n'kutembenukira kwa bambo ake. "Ababa, mawa mukamandiperekeza, ndizidzaona anthu onse kudzera musefa yanu."

Bambowo anafuna kuseka nafe, koma milomo inawakanika. Anaika mthiko pansi, anapukuta manja pabuluku mosamala kwambiri, n'kukonza m'mphepete mwa veloyo paphewa la mwana wawo. Anakonzanso, ngakhale panalibe chokonza.