Ndulu ya a Francisko

Bambo anga, a Francisko, akhala akupha mbuzi pamsika wa Mbulumbuzi kuyambira ine ndisanabadwe, ndipo chimene amanyadira kuposa ana awo n'chakuti sanaboolepo ndulu. Amaichotsa pachiwindi mpeni utapendekeka, mpweya ataugwira, n'kuiponya kutali. Ikaphulika imawawitsa nyama, ogula n'kuthawa. Tsono ndulu yawo yomwe itatupa n'kuwagoneka m'chipatala cha mishoni, thupi lili moto, akusanza chilichonse, ndinadziwiratu kuti tili pa ntchito.

A dokotala, mayi wa mawu otsika, anafotokoza mosathamanga. Kamwala kanali katatseka njira ya ndulu, mkati n'kudzaza mafinya. Kung'amba pamimba kunali kosatheka chifukwa mtima wa bambo ndi wofooka. Koma sabata imeneyo ku Blantyre kunali madokotala obwera, okhala ndi makina ena. Amalowetsa kapaipi kukamwa mpaka poyambira matumbo, kamene kamaona mkati ngati sikani ya amayi apakati. Akaipeza nduluyo amaboola kuchokera m'matumbomo, n'kusiyapo kachitsulo kamphako kuti zoipazo zizitsikira m'matumbo. Akapanda kutero mafinyawo alowa m'magazi. Ambulansi inali kunyamuka masana omwewo.

Bambo anamvetsera bwinobwino mpaka pomwe panamveka zoboola. Apo anatembenukira kukhoma.

"Ayi, a dokotala. Ndulu saboola. Mukufuna ndiwawe mkati monse ndili wamoyo? Ndisiyeni, ndikafere kwathu."

Ndinayesa ine. Ndinawachonderera, ndinawakalipira, ndinatchula zidzukulu mmodzimmodzi. Anangoti, "Rejoice, iwe unaphapo mbuzi zingati?" Ndinapsa mtima, komanso ndinachita mantha, chifukwa bambo anga akati ayi ngakhale abambo mfumu a ku parishi amangonyamula chipewa chawo.

Nthawi yonseyi amayi, a Helena, anali pansi pambali pa bedi, miyendo atatambasula, akupinda ndi kupindula nsonga ya chitenje. Si anthu olankhula pagulu. Kunyumba nkhani za mbuzi ndi za bambo, iwo amangolandira beseni la zam'kati n'kupita nalo kuseri.

"Bambo a Rejoice," anatero osadzutsa mutu, "mukapha mbuzi, matumbo amatsuka ndani?"

"Ndi inu, nanga ndani?"

"Munayamba mwafikako kuseri kuja n'kuona?"

Zoona, bambo sindinawaonepo kumeneko.

"Matumbo a pafupi ndi chifu, ukawatembenuza, mkati mwake mumakhala mwachikasu, pena mobiriwira. Inu mumati n'chiyani? Ndi ndulu yomweyo. Imatsikiramo yokha mbuzi ili moyo, ikudya nandolo wa eni ake, ikudumpha mipanda. Inu mumangodula n'kutaya, kumene imapita simukudziwako. Ine zala zangazi zakhala zikusanduka chikasu zaka zonsezi."

Bambo anatembenuka pang'onopang'ono, dzanja lili pansi pa nthiti, n'kuyang'ana a dokotala.

"Amayi akunena zoona," anatero a dokotala. "Njira yake ndi yomweyo. Yatsekeka, ife tikufuna kutsegula ina pambali. Sindikunamizani kuti palibe choopsa, koma kukhala chonchi n'koopsa kuposa."

Bambo anayang'ana amayi nthawi yaitali, ngati munthu amene wapeza khomo m'nyumba yake lomwe samalidziwa. Ndinaganiza kuti mwina anthu awiri atha kugawana mbuzi imodzi moyo wawo wonse, aliyense n'kumadziwa mbali yake yokha.

"Amake Rejoice, mukunenetsa?"

"Ndikunenetsa."

"Basi, poti mwanena ndinu, ndipita."

Zinthu zinathamanga. Anamwino anabwera ndi machira, ine ndinalongedza zofunda ndi flasiki m'chikwama. Woperekeza amaloledwa mmodzi, choncho tinagwirizana kuti amayi akwere, ine nditsatire pa minibasi. Mtima wanga unali utapepuka, mpaka ndinayamba kuwaseka amayi kuti lero agonjetsa mwini msika.

Sanaseke. Pamene anthu ankalowetsa machira mu ambulansi, amayi anandikokera pambali n'kundigwira pamkono zolimba.

"Rejoice, mbuzi zonse zimene ndatsukazo zinali zakufa kale. Za munthu wamoyo woikidwa chitsulo m'mimba sindikuzidziwa ayi. Akapanda kudzuka, ndawatumiza ndine."

Dalaivala analiza injini. Amayi anapukuta kumaso ndi chitenje, anakwera, ndipo chitseko chisanatsekedwe ndinamva mawu awo ali olimba ngati palibe kanthu.

"Sunthani mwendowu, bambo a Rejoice, ndikhale pafupi."